Zipinda za Kuseri kwa Nyumba Yanga

Abusa, akuluampingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndapempha kamphindi kuti ndichitire umboni.

Ambiri mukudziwa kuti malemu amuna anga anandisiyira zipinda zochititsa lendi kuseri kwa nyumba, kuno kuboma. Maliro atatha, alamu anga a ku Lilongwe anati lendi yathu ndi yochititsa manyazi, ikwere ifanane ndi ya m'tauni. Ine ndi chisoni chija ndinangowalola. Mtengo unakwera, anthu anasamuka. Anasamuka onse, abale anga. Dzinja lonse ndinkasesa m'zipinda zopanda munthu, chiswe chikudya zitseko. Kenako alamu anati zikafika nthawi yokolola zili choncho, poloti yonse igulitsidwe. Ine ndi ana tikanalowera kuti?

Ndinapemphera. Sindikunamizani kuti ndinamva mawu ochokera kumwamba, ayi. Koma mtima unakhala pansi, manyazi ofunsa anandichoka. Ndinapita kumsika, ndinafunsa akabaza, ndinafunsa ogulitsa mbatatesi, kuti kumene akukhalako amalipira bwanji. Mayi wina wa ku Bwanje, wogulitsa mpunga, sanandibisire. Anati, "Mayi, zipinda zanu timazifuna. Koma choyang'ana kumsewu ndi choyandikana ndi chimbudzi zingakhale mtengo umodzi?"

Ndinabwerera kunyumba mawu amenewo ali m'mutu. Chakumsewu ndinachisiya chokwererapo, poti munthu atha kuchitiramo bizinesi. Zinazo ndinatsitsa, chakuchimbudzi ndinatsitsa kwambiri. Ndiye ndinawaimbira foni alamu. Ndinati, "Alamu, mtengo ndaika ndine, chifukwa wokhala pano ndine."

Anangoti tiona.

Mwezi usanathe mayi wa mpunga uja analowa. Telala wina anatenga chakumsewu. Chotsika mtengo chija anatenga mnyamata wa ku Tsangano ndi mkazi wake woyembekezera, amene ankagona pakhonde la sitolo. Tsiku lake litakwana ndinawaperekeza kuchipatala ndine. Kwabadwa mwana wamkazi, ndi uyo ali kumbuyoko ndi mayi ake. Zogulitsa poloti alamu sanazitchulenso.

Ndalama si zambiri, koma zimabwera, ndipo ana anga ali pasukulu. Ambuye, zikomo. Zikomo, Ambuye. Pakamwa panga pokha sipakwanira, abale anga. Amayi, tayimbani nthungululu, tikondwere limodzi.