Makilo a Madzi

Ine ndinachenjeza, kudzera mwa mwana wanga Teleza poti mkamwini sulankhula naye maso ndi maso, kuti munthu woikidwa chitsulo m'chiuno asanenepe ndipo asakhale pampando wotsika, chimaguluka. Koma mkamwini wangayo, a Mathew, anakalambira pasikelo ya kuesiteti, akudula makilo a anthu othyola tiyi, ndiye tsiku lomwe anabwera kokapimidwa kuchipatala ndinakhala kuseri kwa mpanda, khutu lili tcheru.

"Sikelo yanena handiredi teni," anatero Teleza. "Adokotala akuti mwaonjezera."

"Kunagwa mvula m'mawa?" anafunsa a Mathew.

"Inangowaza."

"Dula faifi. Tiyi wonyowa sitilemba yense."

"Inu si tiyi, bambo a Queen."

"Sikelo sidziwa zimenezo. Jekete ndi nsapato, ndilo dengu. Dula faifi ina."

"Nsapato munavula. Ndinanyamula ndine."

"Fumbi lake linatsala. Nanga chitsulocho ndi changa? Anaikamo okha. Dula teni."

Teleza anawerenga zala, kenako anawayang'ana pamimba.

"Ndadula. Yatsala nainte. Koma mimbayo ikadali pomwepo."

"Mimba ndi umboni woti umandisamala. Ndikaonda, anthu a kwa Changata aziti chiyani?"

"Aziti mwaonda."

"Iwe, ndipatse mpando wanga wa ndalema."

Ine ndinatsokomola kawiri, mwamphamvu.

"Amayi akutsokomola," anatero Teleza.

"Apatse madzi."

"Si chifuwa. Akuti mpandowo ayi, ndi wotsika."

"Zimenezo adokotala amauza munthu wa handiredi teni. Wa nainte amakhala paliponse."

Anadziponya pampandopo ngati thumba la feteleza. Ndinamva kuti gudu, kenako mwendo unapindikira mkati, phazi n'kuloza linzake.

"Mayo ine! Chaguluka. Teleza, itana anthu andinyamule mpaka kumsewu."

Teleza anatsetserekera m'munda wa tiyi n'kubwera ndi amuna awiri, madengu ali kumsana, omwe aja ankadulidwa makilo. Amunawo anawakweza a Mathew pang'ono, anayang'anana, n'kuwatsitsa.

"Awiri okha? Ena ali kuti?"

"Ndinawauza kuti ndinu wa nainte. Akuti nainte ndi ya anthu awiri."

"Auze zoona, mkazi iwe. Ndine wa handiredi teni."

Teleza ananong'onezana nawo, n'kugwada mwaulemu pafupi ndi mwamuna wake.

"Akuti iwo anyamula nainte yomwe mwalemba. Twente inayo ndi madzi ndi dengu, ibwere yokha pambuyo."