Mphesa za Kumtunda Zikudikira Fulvio

Malemu bambo Celestino Rabino anabadwa pa 9 Febuluwale 1941, m'mapiri athu omwe ano a Langa, m'chigawo cha Piemonte. Ine ndine Amedeo, mlamu wawo, ndipo ndaima pano m'malo mwa banja. Mundikhululukire ndikamathamanga, mitambo iyo mwaiona nokha pobwera.

Sukulu anayamba mu 1947, koma anailekeza ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, matalala atasakaza munda wa bambo awo. Kuyambira pamenepo mpeni wodulira mphesa sunachokenso m'thumba mwawo. Mu 1966 anamanga banja ndi mlongo wanga, mayi Ortensia, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Fulvio ndi Mirella.

Kumunsi kwa phiri ankalima mphesa za Dolcetto ndi Barbera, za vinyo womwera chakudya. Kumtunda, komwe dzuwa limakhalitsa, anabzalako Nebbiolo, mphesa zamakani zija zopsa mochedwa nkhungu ya Okutobala itagwa. Za tsiku lokolola sankafunsa munthu. Ankathyola kamphesa kamodzi, kutafuna njere zake, basi n'kulamula.

Pamaliro sitinama, abale anga. Malemu anali ndi mtima wapachala. Mu Julaye 1994 Fulvio, atangomaliza sukulu ya zaulimi, anapatulira mphesa za kumtunda, kudula zina zisanapse kuti zotsalazo zitulutse vinyo wamphamvu. Malemu atapeza matsango osapsa ali mbwee pansi, anati mwana wotaya chakudya cha Mulungu sadzadyanso pakhomo pawo. Fulvio ananyamuka tsiku lomwelo kupita kutali, kuchigawo cha Toscana, komwe wakhala akusamala mphesa za Sangiovese za eni ake, ndipo kuno sanapondenso. Patapita zaka alimi tonse tinayamba kupatulira, ndi malemu omwe. Koma kuti anene kuti mwana uja sanalakwe, pakamwa panawalemera. Munda wonse unatsalira Mirella, amene wausenza zaka makumi atatu popanda womuuza zikomo.

Matenda a mtima anawayamba mu Epulo chaka chino. Anagonekedwa m'chipatala kawiri, kenaka anaumirira kubwerera kunyumba. Pa 11 Okutobala 2024 Mirella anawabweretsera mphesa m'mbale kuti alawe, atchule tsiku. Anaikankha mbaleyo n'kunena kuti, "Za kumtunda musathyole. Alawe Fulvio." Sanayankhulenso, ndipo anatisiya masana a tsiku lomwelo.

Mirella zamupweteka, ndipo ine sindimuweruza. Ndani sakadapwetekedwa? Othyola mphesa angokhala manja lende, wailesi ikuti chimvula chifika Lachinayi, ndipo nonse mukudziwa kuti Nebbiolo yakupsa ikanyowa imaola. Thukuta la chaka chonse likadali m'munda. Enanu mwakhala mukumunong'oneza kuti angokolola, pakuti womwalira saona. Dzulo anandiuza yekha kuti, "Malume, mawu a bambo sindiwaphwanya, koma Fulvio sindimugwadira. Njira ya kumtunda akuidziwa."

Malemu asiya mkazi, adzukulu atatu ndi ana awiri. Ndati awiri. Banja likuthokoza abambo mfumu, anamwino amene ankabwera kudzawaona, ndi inu anansi amene munatikololera Barbera ife tili kumatenda. Mulungu akubwezereni.

Fulvio mphwanga, ndakuona. Chiyambireni mwambo uno waima pakhomo la tchalitchi, chipewa m'manja, ngati mlendo. Kutsogolo kwa bokosi, mbali ya kumanja, palibe wonyamula. Amene waletsa kuti aliyense aimepo ndi mlongo wako, osati ine. Sitinyamuka muno malo amenewo ali opanda munthu, ngakhale mvula itipeze. Bwera, mwanawe, bambo ako akudikira phewa lako.

Mzimu wa bambo Celestino uuse mumtendere wosatha.