Mpingo wa Singano ku Chelstone

Oswell anatha zaka zinayi akulenga dziko lathunthu, mapiri ake, nyanja zake ndi milungu yake, pamene iye mwini ankagona m'kachipinda kakumbuyo kwa nyumba ya mlongo wake wamkulu, Salifyanji, ku Chelstone. Dzikolo linali m'buku lachikuto cholimba, masamba mazana awiri olemba pamanja. Linali la masewero aja a patebulo, amene mmodzi amafotokoza nkhani, anzake n'kukhala anthu a m'nkhanimo, kumaponya madayisi kuti aone ngati lupanga latema chilombo kapena laphonya.

Kawiri konse anzake anabwera kudzasewera, ndipo kawiri konse Oswell anayambira pa chiyambi cha zinthu zonse, dzuwa mpaka kulowa anthu asanalengedwe n'komwe. Sean wa ku Kabulonga, mwini masewero ogula okhala ndi zithunzi zonyezimira, anamuuza mosapsatira kuti Lamulungu lino ndi lomaliza: zikakanikanso, gulu lonse libwerera kwake. Ndiye m'mawa wa tsikulo Delight, amene anayenera kukhala wansembe wamkulu, anatumiza uthenga ali kale pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, ulendo wa ku Kitwe. Popanda wansembe nkhaniyo sikanayenda. Oswell anamwazamwaza maso m'nyumba monse, napeza munthu mmodzi yekha: Salifyanji, mlembi wa mpingo wa Sabata kwa zaka khumi ndi chimodzi, ali kalikiliki kusita zovala.

"Ba sisi, nipempako tandizo. Nifuna munkale wansembe."

"Wa mpingo uti?" anafunsa Salifyanji osadzutsa mutu.

"Si mpingo wa zoona. Ni game chabe. Muzankala Mai wa Ulusi, mukulu wa Bana ba Singano."

"Bapempelela kuti?"

"Mu buku umu."

"Plot number?"

"Ba sisi, kulibe plot. Ni ziko yamene ninapanga neka."

Salifyanji anaimika simbi namuyang'ana mlongo wakeyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"So ufuna nichoke ku mpingo kwatu nibwele kwanu. Kalata ya transfer izalembewa na ndani? Chifukwa amene alemba makalata ndine, ndipo siningazilembele neka."

"Simuchoka kulikonse! Ni kuyelekeza chabe, monga drama. Kuyambila 14 hours mpaka 17, yasila."

"Oho. Mulembi wanu ni ndani?"

"Kulibe mulembi."

"Manje muziba bwanji kuti muli bangati?"

"Ni ziko yonse, ba sisi. Mamiliyoni ya bantu."

"Mamiliyoni, kulibe register." Anapukusa mutu ngati waona mwana akuwoloka Great East Road yekha. "Mukulupilila chani?"

Limenelo ndi funso loti munthu wanzeru samufunsa Oswell. Anali atalumbira mumtima kuti lero afupikitsa, koma lumbirolo linatha atangotsegula chikuto. Anaimirira, nakonza pakhosi, dzanja limodzi m'mwamba.

"Pachiyambi kunalibe chilichonse. Kunali chabe bakazi babili bapachibale, Nalutembo na Nachilwa, na singano imozi. Banayamba kusoka kumwamba monga chitenge chikulu. Pakati pa nchito banayambana, aliyense ati singano ni yake. Pamene banali kulandana, singano inaboola-boola chitenge, ndiye tumaboo twamene uto ni nyenyezi za..."

"Mukulu ni ndani?"

"Chani?"

"Pa babili aba."

"Nalutembo. Koma iyo si nkani..."

"Ndiye singano ni ya Nalutembo. Mulandu wasila."

"Siungasile! Ngati bagwilizana kulibe nyenyezi, kulibe nkondo, kulibe game!"

"Bankala zaka zingati osakambisana?"

"Nine thousand."

"Yaba! Nine thousand, kulibe olo ba malume bakuti babankazike pansi?"

"Milungu ilibe ba malume!"

"Ndiye problem yanu iyo. Lembapo ba malume."

"Sinisinta olo dontho," anatero Oswell, akusanjika dzanja pachikuto. "Vamene vili mu buku umu vinalembewa, basi."

Kuntchito kwake, ku ofesi ya inshuwalansi m'tauni, Oswell ndi munthu wovomera chilichonse. Anakhalira mpando wothyoka mwendo chaka chathunthu osadandaula. Koma ikafika nkhani ya milungu yake, amauma gwa ngati chitsa.

"Chabwino," anatero Salifyanji, akutembenuza siketi. "Muntu akafa, vinkala bwanji?"

Nkhope ya Oswell inawala. Pa imfa pokha anali ndi masamba makumi anayi.

"Muzimu ukwela na ulusi, upita mu ma layer nine ya kumwamba. Pa layer yoyamba ukumana na nyoni ya mitu itatu yamene ifunsa..."

"Sininafunse muzimu. Nafunsa tupi."

"Tupi... baika chabe."

"Bandani? Nyumba ya malilo ni kuti? Tenti ichokela kuti? Nkuni? Bazimai bogona mukati ni bandani, bamuna bonkala panja pa moto ni bandani? Kwaya iyimba chani?"

"Ba sisi, ni fantasy."

"Mu fantasy bantu sibadya pa malilo?"

"Muli ma dragon mu ziko umu! Vilombo volavula moto! Kulibe amene aganiza za kabichi!"

"Ma dragon ndiye yapakisa malilo. Kabichi ifunika yambili."

"Bantu banga ni ba hero, bamenya nkondo, bafa, bapita kumwamba!"

"Bosala balila kuti, pa road? Koma sinidabwa. Ndiwe wamene pa malilo ya ba tata bang'ono ku Emmasdale unankala mu motoka na foni, banzako bakunyamula ma benchi."

"Ninali kulemba layer ya number six."

"Naona. Ba tata bang'ono banafikako?"

Oswell anayang'ana wotchi ya pakhoma. Hafu pasiti wanu inali itadutsa. Mantha anamugwira enieni, ndipo mawu ake anatsika.

"Ba sisi, napapata. Zaka four. Kulibe muntu olo umozi anabelengapo buku iyi. Ngati lelo vakanga, Sean azatenga bonse, ine nizasala na milungu yanga ku bedroom."

Salifyanji anamulera yekha mwanayu, ndipo chifundo anali nacho, kungoti chake chimabwera chitavala magalasi. Anazimitsa simbi, napukuta magalasiwo, nakhala pampando.

"Ine sinilandila udindo osabelenga malamulo. Bwelesa."

Anayamba kuwerenga, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse, milomo ikugwedera. Oswell mtima unasungunuka. Aka kanali koyamba kuona maso a munthu wina pa zolemba zake, ndipo misozi inalengeza pang'ono. Ankayenda monyang'ama kuti asasokoneze. Anayala mapu patebulo, nandandalika madayisi, naimika katoni imene wofotokoza nkhani amabisalira kuseri kwake. Anafika mpaka powapangira alongo akewo tiyi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'nyumbamo.

"Page 63," anatero Salifyanji. "'Mawu a Mayi wa Ulusi ndi omaliza, ndipo ngakhale mfumu imagwada pamaso pake.' Ni zoona?"

"Ni zoona!" Oswell anatukumula chifuwa. "Ninaika so kuti chipembezo chinkale na mpamvu."

"Mai wa Ulusi ndine?"

"Ndimwe, ba sisi. Mwavomela?"

"Navomela. Page 64. 'Wovala chong'ambika wanyoza Singano. Asatchule milungu kapena kufotokoza nkhani yawo kwa miyezi isanu ndi inayi, ndipo akhale kumbuyo kwa anthu onse.'"

"Iyo lamulo niikonda maningi. Mwaona, kumwamba kunang'ambika, so chiboo chilichonse pa chovala ni chikumbuso cha..."

"Imika kwanja."

"Chani?"

"Kwanja, mumwamba. Monga mwamene unachitila pa chiyambi paja."

Oswell anakweza dzanja pang'onopang'ono. M'khwapa mwa malaya ake munali chiboo choti dzira la nkhuku likanadutsa osakhudza m'mbali.

"Ni shati ya panyumba iyi!"

"Buku sinakambe za panyumba."

"Nizavala ina manje-manje."

"Zina zili apa pa mulu, zibili zilibe mabatani. Elo mulandu unachitika kudala. Wachula milungu uli na chiboo, nenze kumvela na matu yanga."

"Ba sisi, malamulo aya ni ya bantu ba mu game!"

"Ine nili mu game?"

"Muli mu game."

"Iwe uli kuti?"

"Ine... nili pamwamba pa game."

"Page 63 ikamba kuti kulibe wa pamwamba. Singano unaigwilapo iwe, chibadwile?"

Oswell anali atalemba nyimbo khumi ndi ziwiri zotamanda Singano, koma sankadziwa kuti m'nyumbamo singano zimasungidwa pati.

"Ok. Nizasinta lamulo. Nipaseni bolopeni."

Salifyanji anasanjika dzanja pachikuto, ndendende momwe mwiniwake anachitira.

"Unakamba weka. Olo dontho."

"Ninali kukamba kuli imwe!"

"Manje nikamba kuli iwe."

"Ni buku yanga!"

"Ni ya mpingo. Ngati uli na dandaulo, lemba kalata kuli Mai wa Ulusi. Izaonewa pa meeting."

"Meeting ni liti?"

"Tikasanka komiti."

Apa m'pamene Oswell anaphulika. Analumpha, mpando n'kugwa chagada, madayisi n'kumwazika.

"Ba sisi, kulibe Nalutembo! Kulibe Nachilwa! Kulibe singano! Ninabapanga neka pa lunch ku Cairo Road, nikudya pie! Zina ya Nachilwa ninaiona pa minibus!"

Salifyanji anagwira pachifuwa. Kenako anatenga envelopu yakale nayamba kulemba kumbuyo kwake, modekha.

"Mulemba chani?"

"Ma minutes. 'Kukana chikulupililo pamaso pa wansembe.' Bantu mamiliyoni bakudalila, elo iwe ukamba so? Ulibe nsoni?"

"Bantu aba kulibe!"

"Chifukwa sunabalembe mu register. Ninakuuza."

Zaka zinayi Oswell ankalakalaka munthu mmodzi woti atenge chipembedzo chake ngati chinthu chenicheni. Anamupeza, m'nyumba momwemo, ndipo pasanathe theka la ola anali atachotsedwa mumpingo. Anafuna kulira, anafunanso kuseka, koma asanasankhe, hutala inalira pageti kawiri. Inali galimoto ya Sean.

"Bafika!" Oswell anagwira mutu ndi manja onse. "Manje game izayendesewa na ndani?"

"Ine."

"Imwe?"

"Vilengezo five minutes. Kulandila balendo two minutes. Pa 14:10 dragon ilowa. Ku mpingo nisiliza pulogalamu ya bantu four hundred pa ntawi yake. Aba ni batatu chabe."

"Koma simuziba chiyambi cha ziko!"

"Bakazi babili, singano imozi, banayambana."

Oswell anadikira kuti apitirize. Sanapitirize. Anafufuza m'mutu mwake chimene chasiyidwa, nsonga iliyonse yoti atsutse nayo, koma sanapeze kanthu. Nkhani imene inamudyera Malamulungu awiri inali itakwana yonse m'mawu asanu, ndipo zinamupweteka kuposa chiboo chija.

"Nanga ma layer nine?"

"Amene azafa azayaona."

"Nanga nyimbo za Singano?"

"Imozi, potsekela. Vesi yoyamba na yosiliza."

Salifyanji anatola madayisi pansi, nakakhala kuseri kwa katoni, nawakhutchumula m'manja ngati wakhala akuchita zimenezi moyo wake wonse. Ndi chibwano anamulozera Oswell kampando kamene kanali pafupi ndi furiji, kumbuyo kwa mipando yonse. Hutala inaliranso, ndipo kunja kunamveka Sean akufuula kuti ngati ayambanso za chiyambi, iye satsika n'komwe m'galimoto.

"Ba sisi," anatero Oswell ndi mawu a munthu amene watsala ndi chipolopolo chimodzi, "simunganichite so. Ndine ninalenga ziko iyi!"

"Eya, elo wagwila nchito, mwana wa amai," anayankha Salifyanji, akutsegula tsamba la zilombo. "Manje wolenga akasiliza kulenga, apumula. Kasegule geti."