Ndinakana Kuti Amulumike Mwana Wanga

A wailesi, ndiwerengereniko nkhaniyi amayi anzanga amve. Ndine wa ku Ntcheu, bambo a ana ali ku migodi ku Joni.

Mwana wanga wamkazi anabadwa ndi matenda ochepetsa magazi m'thupi. Kuchipatala cha mishoni anati anatengera kwa ine ndi bambo ake. Mutu ukamugwira amagubuduzika pamphasa. Chaka chatha unamupweteka koopsa, ndipo utaleka dzanja linafooka, nyimbo za ku Sande sukulu nkuziiwala.

Posachedwapa alamu anga anabwera ndi lumo ndi nyanga yolumikira.

"Mulamu, mugwireni, titulutse magazi oipa m'mutumo."

"Alamu, taonani zikhatho zakezi, mbuu! Magazi otaya awatenga kuti?"

"Ng'ombe za malowolo tinapereka ndife. Mwanayu ndi wathu!"

Ndinaima pakhomo, mwana ali kumbuyo kwanga.

"Ng'ombe zanuzo katengeni kwathu. Lumo silimukhudza ine ndili moyo."

Anachoka akutukwana. Tsopano pamudzi aleka kundilonjera, ati ndine wamwano. Mwano umenewo ndauvomera. Ndikuthokoza Mulungu kuti mwana wanga alipo, ndipo magazi ake ochepawo ali m'thupi mwake.