Ankati Ndikudya za Maliro

Moni nonse amene mumawerenga tsamba lino, a kuno kumapiri ndi inu muli kutali ku Joni. Ndine Nambewe wa ku Kasakula, uja mumamutumizira mauthenga kuti akulembereni za abale anu amene anatisiya. Lero sindilemba za munthu wina. Ndikufuna kuchitira umboni za mmene mawu anandithera, ntchito n'kutha, mpaka mwana wanga mmodzi yekhayo anatsala pang'ono kuchotsedwa sukulu kuti akatsuke mbale za eni ake ku Lilongwe. Ndilemba mosapsatira, ndipo amene zimuwawe angopirira, chifukwa inenso zinandiwawa.

Ndinali mphunzitsi wa Chichewa pa sukulu ina yapulaiveti. Amene ndinawaphunzitsa angakuuzeni kuti ndikayamba kulakatula ndakatulo, a kalasi yoyandikana ankasiya masamu awo n'kumamvetsera. Kenaka pakhosi panga panayamba kutupa. Kuchipatala anachotsa chotupacho, moyo wanga anaupulumutsa ndipo ndimawathokoza mpaka lero, koma nditatsitsimuka mawu anali atapita. Ndinatsala ndi kunong'ona koti munthu achite kubweretsa khutu pakamwa panga. Eni sukulu anandidikirako pang'ono, kenaka anandiitana mu ofesi, anandipepesa mwaulemu n'kundiuza kuti ana sangaphunzire ndi mphunzitsi wonong'ona. Ndinatenga mabuku anga n'kumapita.

Bambo ake a Tadala, mwana wangayo, anamwalira iye akukwawa, ndiye panalibe wina woti ndimuyang'ane. Ganyu ndinayesa, koma fumbi lopuntha soya linkanditsokomoletsa mpaka pachilonda kuyaka moto. Kugulitsa pamsika kumafuna munthu wokuwa. Chimene ndinatsala nacho ndi foni yosweka galasi ndi luso lolemba. Ndinamva kuti munthu akatsegula tsamba lake pa intaneti, owerenga n'kuchuluka, a malonda amaikapo zotsatsa zawo n'kumamulipira. Ndinatsegula langa lino. Ndinalemba za mavenda obera pa sikelo, za msewu wathu umene umasanduka phala mvula ikagwa, ndi ndakatulo zanga. Netiweki ya kuno mukuidziwa, ndinkachita kukwera kaphiri ka kuseri kwa msika kuti nkhani ipite. Anthu ankawerenga, ankayamikira kuti mayi inu mumalemba, koma ndalama njee, ngakhale ya bandulo sinkabwerera.

Tsiku lina anatulukira pa njinga yamoto achimwene anga a ku Msakambewa, amene ndi eni mbumba kwathu. Anakhala pakhonde, anayang'ana nyumba, anayang'ana ine.

"Amake Tadala, malaiki a pa intaneti anuwo amagula sopo? Gulitsani foniyo mubwerere kumudzi. Mwanayu ndamupezera banja labwino ku Lilongwe, akufuna mtsikana wa m'nyumba. Sukulu akatsekera ndidzamutenga."

Tadala anali Fomu 2, mwana woti akagwira buku amaiwala kuti pamoto pali ndiwo. Ndinati ayi. Achimwene anapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Mukuti chiyani? Sindikumva." Anamva ndithu, chifukwa tinali pa mphasa imodzi. Abale, zimenezo zinandipweteka kuposa mpeni wa dokotala. Sindikuti ndi munthu woipa, iwo ankaona ngati akutithandiza. Pa mwambo wathu malume ali ndi mawu pa mwana wa mlongo wawo, ndipo ine fizi ya temu yotsatira ndinalibe.

Ndinasowa pogwira. Kutchalitchi ndinasiya kukhala kutsogolo, chifukwa nyimbo ikayamba ndinkangoyasamula pakamwa ngati nsomba, misozi chuchuchu. Ndinakwiya ndi Mulungu, ndipo sindibisa. Masana ena ndili pa kaphiri kaja kudikira netiweki, dzuwa lili pamutu, ndinapemphera pemphero lopanda ulemu ndi pang'ono pomwe. Ndinati, Ambuye, mawu mwatenga, ndavomera. Ntchito mwatenga, chabwino. Koma mwanayu sapita. Mmene muchitire mukudziwa ndinu, ine ndakana basi. Palibe munthu akanalimva pemphero limenelo ngakhale ataima pambali panga. Ndinatsika phirilo opanda yankho, ndipo temu inkapita kumapeto.

Foni yanga ndinkatchajitsa pa sola ya m'shopu ya a Saidi, Msilamu wogulitsa zinthu zosiyanasiyana pano pa Kasakula. Kupatula moni sitinkacheza, paja ine kucheza kunali kutandivuta. M'mawa wina bambo awo, madala amene ankasoka zovala pakhonde la shopuyo, anamwalira. Anzathu Achisilamu sagoneka maliro monga timachitira ife, ndipo dzuwa lisanalowe anali atawaika kale m'manda. A Saidi ali ndi azing'ono awo amene amakhala ku Joni. Uthenga unawapeza azing'onowo ali pa ntchito, ndipo pamene ankafunsa za basi, bambo awo anali atagona kale m'nthaka. Anaimba foni akulira, ena akukalipa. Ankafuna zithunzi, koma palibe anajambula, chifukwa a Saidi sanalole kuti pa maliro a bambo awo anthu azikweza mafoni m'mwamba.

Patapita masiku ochepa, a Saidi anafika pakhomo panga. Anaima patali, chipewa chawo choyera chili kumutu, maso ali ofiira.

"Aphunzitsi, ndimawerenga zomwe mumalemba zija. Azing'ono anga sakundilankhula, akuti ndawaikira bambo mobisa. Ndikawafotokozera pa foni timangokangana. Ndilembereni bambo anga, kuti anyamatawa aone kuti anapita mwaulemu."

Kuchokera pamene ntchito inatha, palibe anali atanditchulanso aphunzitsi. Ndinavala chitenje, ndinafunda kumutu, n'kukakhala pakati pa amayi pa nyumba ya siwa. Apa ndi pamene ndinaona nzeru za Mulungu. Poti sindingathe kudula munthu mawu, anthu ankandiyandikira n'kumangolankhula, mpaka kunena zinthu zoti ana a malemu eni ake sankazidziwa. Anandiuza kuti madalawo anakwera mapiri a Ntchisi ali mnyamata, kuchokera kunyanja, atasenza mutu wa makina osokera. Anandiuza kuti sankalankhula kwambiri chifukwa pakamwa pankakhala mapini. Amayi ena anati yunifolomu iliyonse ya mwana wa sukulu ankaipinda kwambiri m'munsi, kuti mwana akatalika mayi ake angomasula ulusi osagula ina. Nditafika kunyumba ndinatembenuza siketi ya Tadala, ndipo mpindirowo unalipo.

Za kumanda, kumene amayi sapita, ndinafunsa amuna. Anandifotokozera amene anasambitsa thupi, mmene analikulungira m'nsalu yoyera, ndi mmene anthu ankalandirana chonyamulira maliro paphewa ndi paphewa kuti aliyense anyamuleko. Anandiuza kuti Akhristu a pamsika anatseka mashopu awo n'kutsatira pambuyo, mpaka wowotcha tchipisi anazimitsa moto wake. Ndinalemba zonsezo m'Chichewa cha kwathu, osakometsera, osawonjezera. A Saidi anawerenga okha kaye, anagwedeza mutu, ine n'kukwera kaphiri kaja kukatumiza.

Azing'ono awo anawerenga. Wamng'ono kwambiri, amene anakalipa koposa, anawaimbira a Saidi n'kungolira, ndipo anapepesa. Tsiku lotsatira foni yanga inalira, ndipo nditayang'ana ndinapeza kuti mwalowa ndalama kuchokera ku Joni. Ndinathamangira kushopu kukabweza, poganiza kuti maliro sitilipiritsana. A Saidi anakana.

"Aphunzitsi, bambo anga ankasoka nsalu za maliro ndipo ankalandira malipiro awo. Imeneyi ndi ntchito. Komanso muike dzina la shopu yanga pa tsamba lanulo, ndizilipira mwezi ndi mwezi."

Anyamata aja anagawira nkhaniyo anzawo a ku Dowa ndi Ntchisi amene ali kumeneko, ndipo mauthenga anayamba kubwera ngati mvula. Wina anati mayi ake anamwalira ku Chezi chaka chatha, iye sanabwere chifukwa mapepala ake sali bwino, akanatuluka sakanalowanso. Wina anati sadziwa ngakhale amene analalikira pa maliro a mkazi wake. Ndinazindikira kuti kunja kuno kuli anthu ambiri amene analira okha m'kachipinda ka lendi, popanda wowauza mmene zinayendera. Ndinayamba kukwera kabaza kupita m'midzi, kukhala ndi anamfedwa, kumvetsera, kulemba. Ogulitsa mbewu ndi wowotcherera zitseko ataona kuti anthu a ndalama zotumiza kumudzi akuwerenga pano, nawonso anabweretsa malonda awo. Umu ndi mmene tsamba lino linayambira kutidyetsa.

Ndili ndi malamulo anga, ndipo sindiwaphwanya. Sindilemba popanda chilolezo cha eni maliro. Pa siwa sinditchula za ndalama, ndipo chipepeso changa ndimaponya m'mbale ngati wina aliyense. Ndisanaike nkhani pa tsamba, wachibale amaiwerenga mokweza pamaso pa banja, ndipo akati apa chotsani, ndimachotsa. Banja limene lilibe wolipira ndimalilembera chimodzimodzi.

Koma pakamwa pa anthu simungatseke. Zinayamba kumveka pa mjigo, kuchigayo, mpaka pabwalo la tchalitchi, kuti Nambewe akudya za maliro, akamva kulira amamwetulira. Ena ankati tionetsetse, mwina amene akuthamangitsira odwala kumanda ndi iyeyo. Ha! Inu amene munkanena zimenezo, ndikudziwa kuti mumawerenga pano mobisa, ndiye tamverani. Wokhoma bokosi mumamulipira. Wa galimoto yonyamula maliro mumamulipira, mpaka kumuthokoza. Ine ndiye ndalakwa chifukwa ndapereka kwa mwana wa masiye mbiri ya mayi ake? Pamene ndinkagona ndi njala simunabwere ndi mbale ya ufa, ndiye lero musandiphunzitse manyazi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine chitseko changa ndinatsekula masana aliyense akuona.

Sukulu atatsekera, achimwene anabweradi ndi njinga yawo yamoto, atamangirira ndi chingwe chomangira chikwama cha mwana. Anapeza Tadala ali pakhonde akuwerenga. Mwanayo anawalonjera malume ake atagwada bwinobwino, anawapatsa madzi, n'kubwerera ku buku lake. Ine ndinali nditalipira kale fizi ya temu yotsatira, ndipo ndinawauza. Iwo anati ndalama za anthu akufa sizikhalitsa, ndidzawafuna. Ndinawayankha kuti kuwafuna ndidzawafuna ndithu, ndi achimwene anga, pa ukwati wa mwanayu adzakhala kutsogolo monga malume, koma ku Lilongwe akawauze anthuwo kuti afune wina. Achimwenewo sanadye n'komwe. Analiza njinga yawo n'kutsetsereka msewu wa ku Dowa, kumbuyo kulibe munthu. Mpaka lero moni wathu ndi wouma, ndipo zimandiwawa, koma sindinong'oneza bondo.

Mawu anga sanabwerere, ndipo madokotala akuti mwina sadzabwereranso. Sindikunamizani kuti ndalemera, miyezi ina imavuta, ndipo nyumba ikadali ya lendi. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano la mayi wopanda mawu, n'kuliyankha kudzera mwa munthu wa ku mzikiti amene sindinkamuganizira n'komwe. Zikomo a Saidi, Mulungu akusungireni banja lanu. Zikomo inu nonse amene mumandikhulupirira ndi mbiri za okondedwa anu, ndi inu a malonda amene simunaope miseche.

Ndipo iwe m'bale wanga amene walandidwa chinthu chimene unkadyera, kaya ndi mawu, kaya ndi mwendo, kaya ndi ntchito, lira ndithu, inenso ndinalira. Ukatha kulirako yang'ana chimene chatsala m'manja mwako, uchigwiritsitse ngakhale akuseke. Anthu adzabwera ndi nzeru zawo, ena mwachikondi ndithu, kudzakuuza kuti pereka ichi, gulitsa icho, vomereza kuti zako zatha. Pali zina zoti uvomere. Koma chimene mtima wako wakana pamaso pa Mulungu, chikane mpaka mapeto, ngakhale ukhale wekha. Pamene mukuwerenga izi Tadala ali m'kalasi, ndipo ine ndili moyo palibe adzamutulutsemo.