Dzino limene ndinalichitira umboni lisanapole

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo, ndi achinyamata anzanga kumbuyo uko, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Ndikuona ena mwayamba kale kuyang'anizana. Inde, ndi dzino lomwe lija. Musaseke msanga, mundilole ndimalize, chifukwa kufulumira n'kumene kwandiimika pano kachiwiri.

Kwa alendo amene simundidziwa, ine ndimapalasa kabaza pa Limbuli. Sukulu ndinalekeza panjira, ndipo mtima wanga ndi wapachala. Akazi anga ndi awo avala chitenje chobiriwirawo, mukawafunse tikatuluka.

Dzinoli ndi ili lapatsogololi, lam'mwamba. Chaka chatha ndinkamanga matumba a chimanga panjinga, mwini katundu n'kuyamba kundiphunzitsa kamangidwe. Njinga yanga, malegeni anga, iye n'kumati apa wamanga molakwika. Ndinakoka legeni ndi mkwiyo wonse, kachitsulo ka kunsonga kanapulumuka n'kundimenya pakamwa. Ndinalavula magazi, n'kukwera njinga. Dzino silinaguluke, ndiye ndinati nkhani yatha.

Patapita miyezi linayamba kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Kenako kupweteka. Abale, linkapweteka. Ngakhale nthochi yakupsa sindinkailuma. Njinga ikagunda kamwala, ululu unkachoka padzino n'kukatulukira m'diso. Pa siteji aliyense anasanduka dokotala. Wina ati thira madzi a batire, wina ati mafuta a buleki, wina ati pita kwa bambo uja wa pamsika amene amatulutsa timphutsi m'mano ndi utsi.

Pa siteji pomwepo tili ndi mkulu wina amene anazulitsa mano awiri apatsogolo kalekale. Timawatcha a Geti, ati pakamwa pawo ndi pa boda, chilichonse chimangodutsa. Dzina limenelo ndinawapatsa ndine. Ataona dzino langa anamwetulira n'kunena kuti, "Mphwanga, kazule tikhale awiri. Ine geti lolowera, iwe geti lotulukira." Apo ndinadziwa kuti dzino ili likachoka, pa Limbuli sindidzasekanso, sindidzaitananso kasitomala pakamwa pali pululu.

Kuchipatala cha kufupi anandiuza chilungamo, kuti pamenepo angathe kungozula, koma ngati ndikufuna likhale ndipite kuchipatala chachikulu kumene kuli dokotala wa mano. Ndinapita. Adokotalawo anali mayi wofatsa, wosakweza mawu. Anajambula dzinolo n'kundionetsa chithunzi.

"Achimwene," anatero, "dzino lili ngati nsungwi, mkati muli kanjira kofika kumuzu. Mtsempha wa m'menemo unafa mutamenyedwa muja, ndipo ukuwola. Tiboola kuseri kwa dzino, tichotsa zowolazo, titsuka, tiika mankhwala. Dzino likhala."

Anandibaya jakisoni pankhama, mlomo n'kulemera ngati wa munthu wina. Ndinagona chagada pampando, kukamwa yasa, iwo akupala mkatimo ndi tizitsulo tonga singano. Chibadwire sindinakhalepo chete nthawi yaitali choncho. Atamaliza anandifunsa kuti, "Paja mwati mumapalasa njinga. Chubu chikabooka muli kutali ndi kwa omata, mumatani?"

Ndinati, "Timamanga ndi kalegeni kuti tikafike."

"Eya. Chimene ndatsekera lerochi ndi kalegeni. N'chongofikira. Mubwerenso tsiku limene ndakuuzanili, tidzatsukenso, ndiye tidzatseke zenizeni."

Ndinavomera bwinobwino. Koma abale, kutacha m'mawa ululu kulibe. Tsiku lotsatira kulibe. Ndinadya chimanga chootcha. Lamulungu ndinaima pano, pamalo omwe ano. Ambiri munalipo. Ndinati Yehova wandichiritsa kotheratu. Ndinalumpha, amayi munaimba nthungululu, a kwaya munayambitsa nyimbo. Mawu akuti kotheratu ndinawanena katatu konse. Za kalegeni sindinatchule.

Tsiku lobwerera litafika, akazi anga anandiyalira malaya oyera pamphasa. Ine ndinavala jekete ya kuntchito.

"Bambo a kunyumba, lero si la kuchipatala?"

"Ndinachira. Simunamve kutchalitchi?"

"Ndinamva. Koma adokotala kutchalitchi kunalibe."

Ndinapsa mtima. Ndinati anthu akandiona ndikukwera minibasi ya kuchipatala aziti uja anachira kotheratu uja akukatani? Umboni wanga usanduke bodza pamaso pa mpingo wonse? Chikhulupiriro chanu chili kuti, mayi inu? Iwo anangopinda malaya aja n'kunena motsitsa kuti, "Chikhulupiriro ndili nacho. Koma dzino ndi lanu."

Ndimvereni bwino apa. Sikuti ndinkaopa jakisoni. Ndinkaopa inuyo, nkhope zanu zomwezi.

Patapita masabata, ndikudya mzimbe pa siteji, ndinamva kanthu ngati kamwala palilime. Ndinalavulira m'dzanja. Kanali kotsekera kaja. Ndinakataya, osauza munthu. Posakhalitsa mlomo unayamba kutupa, kutupa, mpaka kukankha mphuno, diso ili n'kuyamba kuchepa. Thupi linkatentha. Ndinafukula masiki yakale ya nthawi ya mliri ija n'kumavala, ati fumbi. Kutchalitchi ndinasiya kubwera. Amene munandifunsa panjira ndinakuuzani kuti ntchito yachuluka. Panalibe ntchito, abale. Kupalasa komweko ndinkalephera, ndinkangokhala panjinga pansi pa mtengo kuti kunyumba asandione ndili gone.

Tsiku lina m'mawa ndinangoona nsapato zakuda zaima pafupi ndi gudumu langa. Kukweza maso, abusa athu awa. Akazi anga anali atawauza zonse.

"Kabaza, muli ndi munthu?"

"Ayi abusa, koma lero njinga siili bwino."

"Njinga ndikuiona, ili bwino. Tsikani. Lero ndipalasa ndine, inu mukhale kumbuyo."

Ndinatsika. Abusa anapinda miyendo ya thalauza, n'kukwera. Ine ndinakhala pakhushoni yanga yomwe, imene ndakhala ndikukhazikapo anthu zaka zonsezi osailawa. Tinadutsa pakati pa msika, anthu akutuluka m'magolosale kudzaonerera. A Geti anakuwa kumbuyo kuti, "Abusa, katundu ameneyo mum'mange bwino, amalumpha." Siteji yonse inafa nacho chiseko. Ndikanakhala wabwinobwino ndikanatsika n'kugwira munthu pakhosi. Tsiku limenelo ndinangogwira malaya a abusa ngati kamwana.

Tili panjira ndinayankhula mopumira m'mphuno. "Abusa, nanga umboni uja?"

Iwo akupuma wefuwefu, pakuti panali pachitunda, anati, "Umboni sunali wabodza. Mulungu anayambadi ntchito. Vuto lanu munanena Ameni pemphero lili pakati."

Njinga tinasiya kwa mbale wathu wina pafupi ndi pokwerera, ndipo abusa anakwera nane minibasi mpaka kuchipatala. Adokotala aja atachotsa masiki yanga sanakalipe. Bola akanakalipa, ndikanadziwa choyankha. Anangoti, "Kalegeni kanaduka eti?" Kenako nkhope yawo inasintha. "Sindikulonjezani kanthu. Mafinya achuluka kumuzu. Tiyesa, koma likakana tizula, chifukwa moyo wanu uposa dzino."

Ndinagonanso pampando uja, kukamwa yasa. Apo ndi pamene ndinapemphera zenizeni, abale. Ine ndinazolowera kupemphera mokuwa, koma uzikuwa bwanji m'kamwa muli zala za munthu? Ndinapemphera mumtima. Ndinati Ambuye, ulendo uno sinditsogola, tsogolani ndinu. Mukafuna ndikhale geti lotulukira, ndikhala, koma mukandisiyira dzinoli sindithawanso.

Anatulutsa mafinya, anatsuka, anandipatsa mapiritsi. Anati bwerani tsiku lakuti, ndinapita. Ululu unatha, ndinapitabe. Anati sikunaume bwino mkatimo, mubwerenso. Mtima unawira, koma ndinati chabwino adokotala, ndipo ndinapita. Kutchalitchi ndinayambanso kubwera, ndipo nthawi yonseyi munkandiona ndakhala pabenchi yakumbuyo, ndili duu. Nthawi ya maumboni ikakwana miyendo inkayabwa, akazi anga n'kundiponda phazi.

Sabata yathayi anadzaza kanjira kaja kuchokera kumuzu, n'kutseka zenizeni, ndipo kuda kuja anakukonza. Anandionetsa chithunzi chatsopano, kamzere koyera kofika kunsonga kwa muzu. Anati, "Ichi si kalegeni ayi." Nditafika pa siteji a Geti anandigwira chibwano, kuyang'ana, kuyang'ananso, n'kunena kuti, "Basi, boda yako atseka. Ndatsala ndekha." Ndinawagulira mandasi ofewa, tinadya limodzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga dzino langa pamene mwini wake ndinkalitaya. Ndikuthokoza adokotala aja, manja awo Ambuye awadalitse. Abusa, msana wanu ndaumva kuti sunasiyebe kudandaula ndi chitunda chija, zikomo. Mayi a kunyumba, mwabisa nkhope koma ndikunena pagulu, munkanena zoona.

Chotsiriza, lero sindinena mawu aja akuti kotheratu. Adokotala ati ndidzapitenso akaone ngati fupa la kumuzu likubwerera bwino. Tsikulo akazi anga akulidziwa, abusa akulidziwa, ndipo ndalamula kuti alengeze pano likayandikira. Mukadzandipeza pa siteji tsiku limenelo, mudzandilande njinga.

Tsono imirirani mukondwere nane. Onani, ili. Lilipo. Sekani mano aoneke, amene muli nawo onse ndi amene munatsala ndi ochepa, Mulungu amatiwerengera kumwetulira osati mano. A kwaya yambitsani nyimbo, ndipo Ameni ndinena pamodzi nanu, ikatha.