Dokotala wa Madenga Othonya

Malemu Dokotala Martina Namakhwa, amene atisonkhanitsa pano lero, anabadwa pa 6 Epulo 1959 m'nyumba ya aphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Nkaya. Bambo awo anali aphunzitsi a Goliati Chilenje, ndipo mayi awo anali a Nachisale a m'mudzi uno wa kwa Nsamala. M'banja la ana anayi, iwo ndiwo anali achisamba. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Walter Chilenje, mlongo wawo. Mbumba yatuma ine chifukwa mwa amuna a m'mimba imeneyi ndatsala ndekha.

Abambo mfumu, mafumu athu, alendo ochokera ku yunivesite, abale a ku Nayuchi ndi nonse anamalira, ndiloleni nditchule kaye nkhani imene yakhala ikunong'onedwa pa siwa kuyambira Lachinayi. Amuna a malemu, alamu athu a Lyford Namakhwa, ndi akamwini pano. Mwambo wathu mukuudziwa: mkazi akamwalira, tikameta, mwamuna timamusudzula, abale ake n'kumutenga kubwerera naye kwawo. Ambiri mukudzifunsa kuti bambo okalamba chotere akagona kuti mvula ikubwerayi, poti ku Nayuchi anachokako ali mnyamata ndipo alibeko ngakhale chisakasa. Yankho lake lilipo, koma lili m'kati mwa mbiri ya malemu, choncho mundipirire pang'ono.

Malemu anayamba sukulu mu 1966, ndipo maphunziro awo enieni anayambira m'nyumba momwe tinkagonamo. Nyumba ya aphunzitsi ija inkathonya koopsa. Mvula ikangoti ndabwera, ntchito ya achemwali inali yotchera mbale, miphika ndi beseni losambira pansi pa mabowo, ndipo bowo lililonse ankalidziwa ngati mwana wa m'nyumbamo. Mayi athu akadandaula, bambo ankayankha kuti nyumbayo ndi ya sukulu, ndipo sangavutike kuikonza pamene mawa lomwe angathe kusamutsidwa. Mu 1971 bambo anamwalira. Pasanapite nthawi nyumbayo inafunika kwa mphunzitsi wina, monga lamulo la nyumba za ntchito linenera, ndipo ife tinapakira katundu pa ngolo kubwera kuno kwa amayi. Achemwali sanalirire nyumbayo iyayi. Analirira mtengo wa mandimu umene anabzala kuseri, womwe unali utangoyamba kuchita maluwa.

Mu 1974 anasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo mu 1978 anapita ku yunivesite ku Blantyre kukaphunzira za zomangamanga ndi kasamalidwe ka nyumba. M'kalasi mwawo atsikana anali owerengeka. Kuno kumudzi anthu ankaseka kuti mwana wa a Nachisale wapita kutali konseko kukaphunzira kuumba njerwa, pamene dothi lili pakhomo. Iwo akamva zimenezo ankangoseka nawo, chifukwa sanali munthu wosunga mawu a anthu kukhosi.

Mu 1983 analembedwa ntchito m'boma yoyendera nyumba za aphunzitsi, za azaumoyo ndi za ena ogwira ntchito m'boma la Machinga, nthawi imeneyo Balaka isanakhale boma payokha. Ntchito imeneyi ndiyo inawapezetsa banja. Mu 1985 anafika pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi, komwe kunali mnyamata wothandiza dokotala dzina lake Lyford Namakhwa. Malemu anapempha makwerero, nalowa kudenga ndi tochi, natuluka ali mbuu ndi zitosi za mileme. Koma anatsika odabwa, chifukwa pa mzere wonse wa nyumba za ogwira ntchito pachipatalapo, ya a Namakhwa yokha ndiyo inalibe bowo. Mnyamatayo anali atamata mabowo onse ndi phula, nakhomanso misomali yatsopano. Atafunsidwa chifukwa chimene ankavutikira ndi nyumba ya boma, a Namakhwa anayankha kuti mvula sifunsa mwini nyumba, imangonyowetsa amene wagonamo. Achemwali ankakonda kunena kuti tsiku limenelo anakwera kukafuna mabowo koma anatsika atapeza mwamuna.

Ukwati wawo unadalitsidwa m'tchalitchi cha Katolika pa 15 Ogasiti 1987. Mulungu anawapatsa ana atatu: Thandizo mu 1988, Maziko mu 1991 ndi Tikondane mu 1995. Wachiwiriyo atapatsidwa dzina, ife tonse tinadziwa komwe lachokera, ndipo tinangothokoza kuti wachitatu sanatchedwe Malata.

Mu 1993 malemu anapita ku Joni kukatenga digiri yachiwiri, a Namakhwa n'kutsala akulera ana okha popanda kung'ung'udza. Atabwerako anayamba kuphunzitsa pa yunivesite, ndipo mu 2004 anamaliza digiri ya udokotala. Uthenga utafika kuno, mayi athu anauza mudzi wonse kuti tsopano jakisoni tizibayira pakhomo. Pa tchuthi choyamba anthu anandanda pakhonde, wina msana, wina chifuwa. Malemu anawafotokozera mwaulemu kuti iwo amachiza nyumba osati anthu, n'kuwatumiza onse kwa amuna awo. Dzina loti Dokotala wa Madenga Othonya linabadwa tsiku lomwelo, ndipo ankaliyankha mokondwa kuposa la pa satifiketi.

Za kafukufuku wawo a ku yunivesite anena bwino kuposa ine. Ine ndinena monga ankatifotokozera tikamakonola chimanga. Kwa zaka zambiri anayenda ndi ophunzira awo m'masukulu, m'zipatala, m'misika ndi m'midzi ya ku Machinga ndi Balaka, kuchokera ku Nkaya mpaka kumalire ku Nayuchi. Sankakhulupirira zouzidwa. Ankagogoda mapaso kuti amve ngati chiswe chalowamo, ankasuzumira m'ngalande, ndipo chimbudzi cha sukulu ankalowamo asanalowe mu ofesi ya ahedi. Chimene anapeza n'chakuti nyumba zambiri za anthu onse sizigwa ndi ukalamba. Zimagwa chifukwa chosowa munthu wokhoma msomali umodzi nthawi yake ikadalipo. Ankati tsiku lotsegulira nyumba timabwera tonse ndi magule, koma tsiku lochotsa masamba m'ngalande aliyense amati ndi za boma. Mwambi woti zengerezu adalinda kwawukwawu ophunzira awo anaumva mpaka kutopa nawo.

Kenaka kafukufukuyo anawatengera m'midzi mwathu momwe. Anaona kuti amuna ambiri a pa chikamwini amazengereza kuotcha njerwa, kufolera ndi malata ngakhale kubzala mtengo wa mango, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa amadziwa kuti mlendo ndi mame. Mphunzitsi woyembekezera kusamutsidwa ndi mkamwini woyembekezera kusudzulidwa anawaona kuti mtima wawo ndi umodzi. Mabuku onse amene analemba, ine ndingawamange m'mawu awo awa: munthu amasamala nyumba akadziwa kuti chaka chamawa adzagonamonso. Mawu amenewa anapita nawo ku misonkhano ya ku Lilongwe yokambirana ndondomeko za nyumba m'dziko muno. Zina zinamveka, zina zikadali m'mashelufu, ndipo iwo sankabisa kuti zimenezo zinkawapweteka. Komabe ankakhutira akamva kuti wophunzira wawo wina, amene tsopano ali pa ntchito ku khonsolo, waumirira kuti sukulu ikonzedwe isanagwe.

Ndisawayeretse kwambiri, poti nonse munkawadziwa. Malemu anali mlendo wovuta. Akalowa m'nyumba mwako, maso ankayamba apita kudenga, moni pambuyo. Pa ukwati wa mwana wanga, anthu akuvina, iwo anali kuseri kwa holo akukangana ndi wosamalira malowo za paipi yothyoka. Kwanga kuja anandinyazitsa kangapo pamaso pa akazi anga. Koma amene anamvera malangizo awo, lero akugona pouma.

Mu 1999 a Namakhwa anaumba njerwa pa malo ano, naziotcha, namanga nyumba imene mukuionayi. Anzawo ena anawachenjeza kuti womanga nyumba ya malata pa chikamwini amamangira eni mudzi. Iwo anamva, koma anamangabe. Kuyambira pamenepo, mwezi wa Okutobala uliwonse ankakwera padenga ndi hamala ndi chitini cha misomali, malemu ataima pansi ndi ndodo akuloza. Mkazi akati msomali upite apa, mwamuna ankati iyayi, pali bwino pamenepo, ndipo mkanganowo unkamveka mpaka ku mjigo. Ife a m'mudzi muno sitinkadikira a zanyengo pa wailesi. Tikamva awiriwa akutsutsana padenga, tinkadziwa kuti nthawi yokonza mbewu yakwana.

Atapuma ntchito mu 2019, malemu anabwerera kuno kudzakhazikika. Pa mvula ya namondwe ya mu Malichi 2023, nyumba zambiri za zidina zitagwa, nyumba iyi inasunga mabanja oyandikana nawo, Akhristu ndi Asilamu omwe, mpaka madzi ataphwa. Pambuyo pake malemu anayenda khomo ndi khomo kulangiza anthu kukweza maziko ndi kutalikitsa denga kuti mvula isamamenye makoma. Sanalipiritse munthu, kupatula kuti ankayembekezera tiyi.

Mu Meyi 2024 anayamba kudandaula m'mimba. Anapita ku chipatala ku Zomba, kenaka ku Blantyre, komwe madokotala anapeza khansa. Analandira chithandizo kwa nthawi yaitali, a Namakhwa ali pambali pawo osachokapo. Mu Seputembala chaka chino anapempha kuti abwerere kunyumba kwawo, ndipo ana anavomera.

Okutobala anafika, koma hamala sinamveke. Kamvuluvulu wina anazula lata limodzi la pakhonde, ndipo masana aliwonse mphepo ikaomba linkangoti phaa, phaa. A Namakhwa, amene zaka zonsezi sanalolepo msomali kugwedera, ankalidutsa latalo ngati sakulimva. Ife tinkati ndi kutopa ndi matenda. Malemu ali chigonere anamvetsera, ndipo anadziwa kuti si kutopa. Lamulungu lina masana, alamu atapita ku Balaka kukatenga mankhwala, anaitanitsa ine, ana awo ndi amayi onse a mbumba ino. Mawu awo anali otsika koma omveka. Anati, "A Walter, mukulimva lata limenelo? Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba za akamwini a eni, lero zalowa m'nyumba mwanga. Bambo awa asiya kukhoma chifukwa ayamba kudziona ngati mlendo." Ine ndinayankha kuti mwambo si wa munthu mmodzi, ndipo sindingauthyole ndekha. Iwo anati, "N'chifukwa chake ndakuitanani nonse. Ndiuzeni, mwambowo unakhomapo msomali uti padenga ili?" Tinaseka, misozi ili m'maso, ndipo panalibe amene anatsutsa. Anatilamula kuti tisawauze alamu iwo akadali moyo, chifukwa angakane poganiza kuti tikuwamvera chisoni. Anati tidzanene pamaso pa anthu ndi mafumu, kuti mawa wina asadzasinthe.

Malemu anatisiya Lachinayi pa 13 Novembala 2025 m'mawa, atalandira masakramenti, ali ndi zaka 66. Anapita mwamtendere m'chipinda chawo, dzanja lawo lili m'manja mwa amuna awo. Asiya amuna awo a Lyford Namakhwa, ana atatu, Thandizo, Maziko ndi Tikondane, zidzukulu zisanu, mng'ono wawo mmodzi, ine mlongo wawo, ndi ophunzira amene sitingathe kuwawerenga.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abambo mfumu ndi akhristu a mphakati wathu, a kwaya, a ku yunivesite amene abwera ndi galimoto, ndi mafumu amene atipatsa malo. Tikuthokoza mwapadera a Binti Twalibu, amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzawasambitsa ndi kuwaphikira phala ngati m'bale wawo weniweni. Adzukulu, nthaka ya mwezi uno ndi youma, ndipo thukuta lanu taliona. Amayi amene muli kumoto kuyambira Lachinayi, Mulungu akubwezereni.

Tsopano ndibwerere ku nkhani ija. Alamu, dzulo ndikufuna mipando ndinaona thumba kuseri kwa chitseko, mutamangamo zovala zanu pamodzi ndi hamala. Mtima unandipweteka kwambiri. Pamaso pa mafumu, pamaso pa abale anu a ku Nayuchi ndi pa khamu lonseli, mbumba ya a Nachisale ikunena kuti kusudzula tidzakusudzulani monga mwambo unenera, kuti mukhale mfulu, koma nyumba iyi ndi yanu mpaka tsiku limene Mulungu adzakuitaneni. Ku Nayuchi muzipita kukacheza, n'kubwerako. Abale a ku Nayuchi mutikhululukire, mwabwera kudzatenga munthu koma mubwerera chimanjamanja.

Kamasuleni thumba lija, alamu. Mitambo mukuiona yayamba kusonkhana, ndipo lata lija likudikira inu. Makwerero ndidzakugwirirani ndine. Koma woima pansi ndi ndodo n'kumakutsutsani, ameneyo sitingakupezereni.

Achemwali, zimene munatituma tanena. Mzimu wanu uuse mu mtendere wosatha.